Lipoti: kukonza kunsi kwa nyumba ya pamtsetse ku Dedza kuti kukhale kwa lendi

Lipotili ndalembera amisiri anzanga ndi eni nyumba zomangidwa pamalo otsetsereka, monga zilili zambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu. Likunena za nyumba imodzi ya pa boma la Dedza, cha m'munsi mwa phiri, imene eni ake ankafuna kuti mpata wa kunsi kwake, umene ena amati basement, usanduke nyumba ya lendi. Mayina a eni ake ndi dera lenileni sinditchula, koma miyeso ndaisiya monga inalili.

Nyumbayo ndi zofuna za eni ake

Nyumbayi ndi ya njerwa zootcha, yomangidwa m'zaka za m'ma 1990. Khomo lalikulu lili mbali ya kuphiri, kumene munthu amalowa osakwera sitepe. Mbali ya kumunsi nthaka inatsika kwambiri moti makoma a maziko anatalika kuposa munthu, ndipo malemu bambo a panyumbapo, m'malo mothiramo dothi monga ambiri amachitira, anathira silabu pamwamba n'kusiya mpata kunsi. Mpatawo ndi wa mamita 9 m'litali ndi mamita 5.5 kulowa mkati, ndipo pali khoma limodzi lougawa pawiri. Munali chitseko cha malata ndi timawindo tiwiri tosalowa mutu wa munthu. Ankasungamo makasu, feteleza ndi mbewu ya kachewere.

Mayi mwini nyumba ndi mphunzitsi wopuma ntchito. Ndalama zinkachokera kwa mwana wawo wamwamuna amene ali ku Johannesburg, ndipo pulani anajambula yekha papepala n'kutumiza pa WhatsApp: zipinda zinayi, ziwiri kutsogolo ziwiri kumbuyo, chilichonse ndi tenanti wake, bafa ndi chimbudzi panja, pansi pakumbidwe kuti mkati mutalike, matailosi, penti, pofika Khirisimasi ya 2023 anthu alowe. Maganizo ake sanali opanda nzeru. Pa boma pano ofuna nyumba alipo: aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito pachipata cha malire ndi Mozambique, ndi ena obwera ndi mabungwe. Makoma analipo kale, denga linalipo kale. Kwa munthu wowerengera ali kutali, ntchito yotsala inali ya pulasitala ndi penti basi.

Zimene tinapeza

Tinakayendera mu Sepitembala 2023, panja pali gwa. Titangotsegula chitseko linatilandira ndi fungo la nguwi. Pakhoma lakumbuyo pulasitala inali itafufuma kuyambira pansi mpaka m'chiuno, ili mbuu ndi mchere uja umatuluka m'njerwa zonyowa. Feteleza m'matumba anali ataundana.

Chinyezi si chimodzi, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake, choncho ntchito yoyamba inali kuchisiyanitsa. Tinadula timapepala ta pulasitiki toonekera mkati, ta masentimita 50 mbali zonse, n'kutimata ndi tepi m'mphepete monse: kena pakhoma lakumbuyo, kena pakhoma la m'mbali, kena pansi, kena kunsi kwa silabu. Pakapita masiku atatu umakaona. Madontho akakhala mkati, pakati pa pepala ndi khoma, madziwo akuchokera m'khoma. Akakhala kunja kwa pepala, ndi mpweya wa m'chipindamo umene ukuchita thukuta pamalo ozizira. Khoma lakumbuyo ndi pansi zinanyowetsa mkati. Silabu inachita thukuta la kunja. Pa Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nkhungu ndi chisanu n'zathu, ndiye thukuta limeneli silopeputsa. Mu Juni ndi Julayi limakwanira lokha kudetsa khoma.

Ngodya imodzi inali yonyowa mosiyana ndi kwina, yoti ukagwira chala chimatuluka chonyowa. Mvula inali itasiya kalekale, ndiye sakanakhala madzi a mvula. Tinapempha kuti atseke mipopi yonse m'nyumba, ife n'kukagwada pa mita ya Central Region Water Board. Kagudumu kakang'ono ka pa mita kanali kakuyendabe, pang'onopang'ono koma osaima. Paipi yakale yachitsulo yopita kukhitchini inali itadyeka ndi dzimbiri pamene imalowera pansi pa nyumba. Amayi ataona anangogwira pakamwa: "N'chifukwa chake bilu siitsika, chikhalirecho ndimakhala ndekha pano!"

Denga linalibe magatala. Apa ndi pamene eni nyumba ambiri sakhulupirira mpaka uwawerengere. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, ndi lita imodzi. Denga ili ndi la masikweya mita 150. Mvula ya mamilimita 30, yomwe m'dzinja imagwa masana amodzi, ndi malita 4,500, ndipo theka lake linkagwera mbali ya kuphiri, phazi limodzi kuchoka pakhoma. Ndi migolo ya malita 200 yoposa 11. Pamwamba pa zimenezo, mbali yomweyo kunali bedi la maluwa lothiriridwa m'mawa ulionse, komanso n'kumene ankataya madzi otsukira mbale.

Tinakumba maenje awiri oyesera kumtunda kwa nyumba. Pakuya kwa mita 1.1 piki inayamba kulira: dothi lofewa linatha, panayamba mwala wofumbutuka wolimba. Madzi a mvula amalowa m'dothi lofewalo, akafika pamwalapo amatsetsereka mobisika kulunjika kumunsi, ndipo chowatchinga choyamba chinali khoma lathu lija. Agogo ena oyandikana nawo, amene anabwera kudzaonerera, anatiuza kuti nyumbayo isanamangidwe pankadutsa kamkuluzi m'dzinja. "Madzitu saiwala khwawa, amisiri," anatero.

Dzenje lachitatu tinakumba mkati, pangodya. Pansi panali pothiridwa kawiri, simenti pamwamba pa simenti, chizindikiro choti malemu analimbanapo ndi chinyezichi. Panalibe pulasitiki. Konkire ya maziko inayambira pa masentimita 30 kuchoka pamwamba, n'kuthera pa 50. Kuchoka pansi kufika kusilabu panali mamita 2.35.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: khoma lakumbuyo silili kunja. Lili pansi pa pakati pa nyumba, ndipo kuseri kwake kuli dothi limene lanyamula zipinda za kumtunda. Njira yabwino yotetezera khoma la pansi ndi kukumba kunja kwake, kulipaka phula ndi kuyala ngalande. Apa sizikanatheka popanda kugumula pabalaza pa amayi.

Zimene tinakana

Zinali zitatu, ndipo zonse zinakambidwa pa foni ndi mwana wawo uja.

Kukumba pansi. Iye ankafuna mkati mufike mamita 2.7. Kuti zitero, pansi patsopano payenera kutsika ndi masentimita 35, kuphatikiza ena 25 a miyala, mchenga ndi konkire, ndiye kuti kukumba masentimita 60, kupyola pamene maziko athera. Ukakumba kupyola maziko wachotsa dothi limene lawagwira m'mbali. Njira yowonjezera maziko kunsi ilipo, mita imodzi imodzi modumphitsa, koma mtengo wake ukanadya lendi ya zaka zambiri. Tinaitana injiniya wolembetsedwa kuchokera ku Lilongwe. Anayeza khoma lakumbuyo, napeza kuti ndi la njerwa imodzi ndi theka, lowongoka, losatupa. Anavomereza kukumba mpaka pamwamba pa konkire ya maziko osapitirira, ndipo analetsa kugwetsa khoma lapakati chifukwa lanyamula silabu. Anakumbutsanso kuti Dedza ili m'mphepete mwa chigwa cha nyanja, kumene nthaka imagwedezeka; akuluakulu akukumbukira chivomerezi cha mu Malichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba cha ku Salima.

Zipinda zinayi. Ziwiri zakumbuyo zikanakhala zopanda windo ndi limodzi lomwe, zotsamira khoma lonyowa. Muyeso umene ambiri aife timatsata ndi woti magalasi akhale gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi, ndipo theka lake lizitseguka. Koma chimene chinandilimbitsa mtima si muyesowo, ndi mbaula. Tenanti wa chipinda chimodzi ku Dedza, mu Julayi, magetsi atazima, adzalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko, ulembe pa mgwirizano usalembe. Makala akamayaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, yomwe ilibe fungo kapena mtundu, ndipo munthu amangogona osadzukanso. Chipinda chopanda windo, cha khomo limodzi lodzera m'chipinda cha mnzako, sindingamange.

Mwana uja sanakondwe. "Achimwene, kuno anthu amakhala m'ma basement bwinobwino, inu mukuvutiranji?" Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, ndalama ndi zanu, koma amene adzagogodedwe usiku zikavuta ndi amayi." Amayiwo ndi amene anamaliza nkhani. Anati safuna mabanja anayi kunsi kwa bedi lawo, akufuna banja limodzi loti azilidziwa dzina.

Chachitatu chinali mankhwala othira mu pulasitala, amene munthu wina anamuuza kuti amathetsa chinyezi. Mankhwalawo ali ndi ntchito yake, ife tinawagwiritsa ntchito m'bafa. Koma kumata khoma mkati pamene madzi akulikankha kuseri kuli ngati kutseka dzenje la mfuko ndi phazi: amakatulukira pena, kawirikawiri pamene khoma lakumana ndi pansi. Ndiponso madzi otsekeredwa amawonjezera kulemera kumene khomalo likulimbana nako.

Gawo loyamba: kunja kokha

Tinagwirizana kuti chaka chimenecho sitigula thailosi ngakhale imodzi. Mu Okutobala pulambala anadula paipi yowola ija n'kudutsitsa yatsopano kunja kwa khoma, poonekera. Tinaika magatala mbali zonse, mapaipi ake n'kutsikira m'ngalande ya simenti. Bedi la maluwa linasamuka, m'malo mwake tinathira konkire ya mita imodzi m'lifupi kuzungulira nyumba, yopendekera kunja.

Kumtunda, mamita 3 kuchoka pakhoma, tinakumba ngalande yodula njira ya madzi, yolowa pang'ono m'mwala wofumbutuka uja, pafupifupi mita 1.3. Pansi pake tinayala nsalu yosefa dothi ya geotextile, paipi ya PVC ya mamilimita 110 yobooledwa, mabowo atayang'ana pansi, kenako kwale (miyala yophwanyidwa) mpaka pafupi ndi pamwamba, nsalu n'kuipinda kuphimba. Aganyu amakonda kuyang'anitsa mabowo kumwamba poganiza kuti madzi amagwera m'paipi. Sagwera, amadzaza ngalande kuchokera pansi n'kulowa. Kutsetsereka kwake ndi sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndipo pangodya iliyonse tinasiya paipi yoimirira yokhala ndi chivindikiro kuti munthu azitha kusuzumira ndi kutsuka. Nsalu ija musaisiye pofuna kupulumutsa ndalama. Popanda iyo dothi lathu lofiira limatseka kwale m'madzinja ochepa.

Makoma awiri a m'mbali, amene anakwiririka theka, tinawakumba kunja limodzi limodzi, osafika kunsi kwa maziko. Tinawapaka pulasitala, phula katatu, pulasitiki wakuda pamwamba kuti miyala isakande phulalo, ndi paipi yobooledwa m'munsi.

Madzi onsewa ayenera kupita kwina, ndipo kumunsi kuli anthu. Tinakhala pansi ndi oyandikana nawo pamaso pa amfumu a m'deralo, n'kugwirizana kuti ngalande itsate mpanda mpaka kukagwera m'ngalande ya msewu, yoyalidwa miyala kuti isakumbe chigwembe. Miyala pa Dedza siisowa.

Khoma lakumbuyo tinalisiya kuti lizidontha, koma mwadongosolo. Tinagumula pulasitala yofufuma yonse, tinaboola timabowo m'munsi mwake pa mita 1.2 iliyonse n'kulowetsamo timapaipi, ndipo m'tsinde mwake tinaumba kangalande kotulukira panja. Kutsogolo kwake, masentimita 90 kuchoka pamenepo, tinakonza zodzamanga khoma latsopano la mabuloko, louma, losakhudzana ndi lakalelo. Ena amasiya mpata wa masentimita 10 okha. Ine ndimakonda woti munthu alowemo ndi tochi ndi tsache, chifukwa ngalande yosaoneka ndi ngalande yosasesedwa. Zinadya malo: kuya kwa nyumba kunatsika kuchoka pa mamita 5.5 kufika pa 4.4, ndiye kuti masikweya mita pafupifupi 40.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya simenti ndi mapaipi inalumpha. Zipangizo za gawo loyamba zinali zitagulidwa kale. Mwana uja anafuna kugula simenti yonse ya gawo lachiwiri nthawi yomweyo, mitengo isanakwerenso. Tinamulangiza agule mafelemu, mawaya, zitseko ndi matailosi, zinthu zosawonongeka, koma simenti ayi. Thumba likakhala miyezi yoposa itatu limayamba kutaya mphamvu, nanji m'chinyezi cha kuno.

Kudikira dzinja

Cholinga chinali choti mvula iyese ntchito yathu tisanatseke kanthu. Dzinja la 2023/24 silinatithandize mokwanira. Linali la El Niño, mvula inkadula, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Khoma louma m'chaka chotere si umboni. Tinawonjezera mayeso athu: kuthira migolo ya madzi kumutu kwa ngalande n'kukaona ngati atuluka kumunsi onse ndi msanga, ndiponso kumatanso timapepala tija mwezi ulionse. Ngodya ya paipi yowola inauma pofika Januwale. Makoma a m'mbali anauma. Lakumbuyo linkanyowabe m'munsi ikagwa mvula ya masiku otsatizana, zimene tinkayembekezera.

Nthawi yodikirayi inapita ku mapepala. Mapulani anajambulidwa n'kuperekedwa ku khonsolo, popeza kuboola mawindo m'khoma lonyamula silabu ndi kuwonjezera banja lina papuloti si nkhani ya penti. Tinalembetsa mita ya ESCOM yakeyake ndi ya madzi yakeyake. Mita imodzi ya mabanja awiri ndi gwero la milandu ya mayunitsi, aliyense amati mnzake ndi amene akuphikira nyemba pa hotipuleti. Panalinso nkhani imene si ya mmisiri koma ndimaifunsa nthawi zonse: malowo anali akadali m'dzina la malemu, ndipo ana alipo atatu. Ndinawapempha kuti alemberane okha za amene azilandira lendi ndi mmene woika ndalamayo adzabwezeredwere, tisanathire konkire. Analemberana.

Gawo lachiwiri: mkati

Tinayamba mu Meyi 2024. Pansi pakale tinaswa, tinakumba mpaka pamwamba pa maziko, tinathira mankhwala a chiswe, miyala masentimita 10 yotsinditsidwa, mchenga pang'ono, pulasitiki wakuda wochindikala wa ma micron 250 wopindira m'makoma, kenako konkire ya 1:2:4 (muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala) masentimita 10. M'chisanu konkire imachedwa kugwira, ndiye tinaithirira sabata yathunthu ndi kuiphimba usiku. Pamodzi ndi matailosi tinapeza masentimita 5, mkati munafika mamita 2.4. Siling'i sitinaike, tinapaka pulasitala kunsi kwa silabu ndi penti yoyera, mawaya n'kudutsa m'timapaipi ta pakhoma, ntchito ya wamagetsi wa chiphaso cha MERA. Masoketi tinawakweza kufika m'chiuno.

Makoma atsopano ndi a mabuloko a simenti. Malamulo a 2018 a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo ngakhale pa nyumba ya munthu, ndani wa kuno amene sakuona mmene mitengo yathera m'mapiri?

Mawindo tinaboola limodzi limodzi, silabu itachirikizidwa ndi mitengo, bimu ya konkire itayamba yathiridwa n'kuuma tisanachotse njerwa za m'munsi mwake. Akuluakulu awiri ali kutsogolo, ena awiri m'mbali cha pamwamba kuti mpweya uzidutsa. Windo la kuchipinda chogona lili ndi zitsulo zotseguka mkati, kiyi wake amakhala pa msomali pambali pake. Pamwamba pa windo lililonse pali timabowo ta mpweya tosatsekeka. Zotsatira zake ndi pabalaza pokhala ndi sinki pangodya, chipinda chogona chimodzi, ndi bafa lokhala ndi chimbudzi. Kutsogolo tinamanga khonde la malata lotchingidwa mbali ya mphepo, lokhala ndi kauvuni ka simenti koikapo mbaula. Kuletsa mbaula m'nyumba popanda kupereka malo abwino ophikira n'kudzinamiza.

Chimbudzi chinabweretsa ndalama ina imene sinali pa pepala la ku Johannesburg. Septic tank yakale ili pambali pa nyumba, ndipo polowera pake ndi pamwamba kuposa pansi pa nyumba yatsopanoyi. Zonyansa sizikwera chitunda. Pampu ilipo, koma ya magetsi, ndipo tonse tikudziwa chimene chingachitike atazima tsiku lonse. Tinakumba thanki yaing'ono kumunsi, paipi yotsetsereka masentimita 2.5 pa mita, dzenje lomwetsa madzi n'kulipatutsira kungodya ya puloti kuti litalikirane ndi chitsime cha oyandikana nawo ndi mamita 30.

Ndalama ndi mmene zilili pano

Mitengo ya kwacha sindilemba chifukwa pofika powerenga inu idzakhala itasintha. Kagawidwe kake ndiko kothandiza: pa makwacha 10 alionse, pafupifupi 4 anapita ku zinthu zimene tenanti saziona, monga ngalande, magatala, phula, khoma lachiwiri ndi thanki. Mwana uja ankawerengera kuti ndalama yake ibwerera m'zaka zitatu. Titachotsa miyezi imene nyumba ingakhale yopanda munthu, zokonzakonza, ndi msonkho wa MRA popeza lendi ndi phindu, tinapeza zaka pakati pa 6 ndi 7.

Banja laling'ono linalowa mu Ogasiti 2024. Mgwirizano ndi wolemba, ndipo muli mfundo ziwiri zimene ndinapempha: mbaula isalowe m'nyumba, ndipo timabowo ta mpweya tisatsekedwe ndi nsanza. Dzinja la 2024/25 ndilo linayesa ntchitoyo. Mu Febuluwale timapaipi ta khoma lakale tinkadontha, kangalande kankatulutsa madzi panja, khoma la mabuloko linali louma. Mu Juni 2025 nguwi inaoneka kuchipinda chogona, kuseri kwa wadiropu yotsamira khoma la m'mbali. Pepala la pulasitiki linaonetsa kuti ndi thukuta. Anaisuntha masentimita 10, amatsegula mawindo m'mawa, ndipo siinabwerenso.

Phokoso silinathe. Silabu yopanda siling'i imatsitsa chilichonse, mpando ukakokedwa pamwamba pansi amamva, ndipo zidzukulu zikabwera pa holide tenanti amadziwa asanauzidwe. Amayi anayala kapeti pabalaza, zinachepako. Ngalande ya m'mbali mwa mpanda imadzaza dothi ndi masamba a paini, imafuna kuseseredwa mvula isanayambe ndiponso pakati pa dzinja. Njira yotsikira kwa tenanti ikadali ya dothi, imaterera m'dzinja, ndipo ndalemba kotesheni ya masitepe a miyala okhala ndi chogwirira. Mwana uja akufuna ndalama yotsatira ipite ku matailosi a pakhonde. Amayi ali mbali ya masitepe, ndipo nkhaniyo ikuyembekeza kuti iye abwere mu Disembala.